Kamera ili kale kumwamba, nde mungadziwe bwanji kuti ikujambula bwino? Kuyerekeza njira zoyezera

Tsiku lina kuntchito tinalandila zithunzi za setilaiti kuchokera ku kampani ina, pa pepala analemba kuti pikiselo imodzi ndi masentimita 50, koma titazitsegula pa kompyuta malata a nyumba amaoneka ngati wina wawapaka phala m'mbalimu, malire a denga ndi bwalo osaoneka pomwe athera. Nambala ya pa pepala ija sinali yabodza ayi, pikiselo inalidi ya masentimita 50, kungoti nambala imeneyo imangokuuzani kukula kwa kabokosi basi, siikuuzani ngati zomwe zili m'kabokosimo zili kiliya kapena ndi chimbuuzi. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufuna kudziwa kuti kodi eni ake amayeza bwanji kamera yomwe ili makilomita 700 kumwamba, yomwe palibe angaikwerere kukapukuta lenzi.

Muzidziwa kuti kamerayi amaiyeza bwinobwino mu labu isananyamuke, koma roketi imaigwedeza koopsa, ikafika kumwambako imalowa padzuwa nkutuluka kulowa mumthunzi wa dziko pafupifupi mphindi 100 zilizonse, kutentha kuzizira kutentha kuzizira, chinyezi chomwe chinali mu zipangizo zake chimatuluka pang'onopang'ono mpaka fokasi nkusuntha, ndipo sensa nayo imakalamba. Nde zomwe anayeza pansi pano sizikhala chimodzimodzi pakatha chaka. Zili ngati sikelo ya ogula soya, ngakhale inali yolondola tsiku logula, a Malawi Bureau of Standards amayenerabe kubwera ndi miyala yawo yodziwika kulemera kwake kudzaiona. Funso ndi loti kwa setilaiti mwala umenewo ndi chani.

Ndipo mafunso ake si limodzi. Pali loti chithunzi chili kiliya bwanji, pali loti kuwala komwe kamera ikunena ndi koona kapena ikuwonjezera, pali la timadontho tija timaoneka ngati TV siginolo ikavuta, komanso loti chinthu chili pamalo pake enieni pa mapu kapena chasuntha. Njira iliyonse pansipa imayankha limodzi kapena awiri, palibe yoyankha onse, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka.

Ndiyambe ndi ya kukiliya chifukwa ndi yomwe inandivuta ine. Akatswiri amaitchula kuti MTF. Ganizani chitenje cha mizere yoyera ndi yakuda chachikulu choyalidwa pansi, mzere uliwonse mulifupi mwake wofanana ndi pikiselo imodzi. Kamera yangwiro ikanaonetsa yoyera mbee ndi yakuda bii, koma kamera yeniyeni imasakaniza, yoyera imada pang'ono yakuda imayera pang'ono, nde MTF ndi nambala yonena kuti kusiyana kuja kwatsalako kochuluka bwanji. Kwa Sentinel-2, setilaiti ya ku Ulaya, ma bandi ake (mitundu ya kuwala yomwe kamera imajambula payokhapayokha) a pikiselo ya mamita 10 anawaikira kuti nambalayi ikhale pakati pa 0.15 ndi 0.3. Onani kuti anaikanso malire a pamwamba, chifukwa ikakwera kwambiri kamera imayamba kupeka mizere yomwe pansi kulibe.

Njira yodziwika kwambiri ndi yopenta pansi. Ku Salon-de-Provence ku France kuli bwalo la mamita 60 mbali zonse, logawidwa mabokosi anayi a mamita 30, awiri oyera awiri akuda ngati bolodi ya drafuti. Ku Baotou ku China kuli lina, ku Stennis Space Center ku Mississippi ku America nakonso anapenta awo. Setilaiti ikajambula, mumayang'ana malire a choyera ndi chakuda kuti kusintha kwake kwatenga mapikiselo angati. Nzeru yake yomwe imandisangalatsa ndi yoti malirewo sawaika molunjika ndi mizere ya mapikiselo, amawapendeketsa madigiri ochepa chabe, nde mzere uliwonse wa mapikiselo umadula malire aja pamalo osiyana pang'ono ndi unzake, mukawaphatikiza onse mumaona mmene kuwala kukutsikira mkati mwa pikiselo imodzi, zinthu zomwe mzere umodzi paokha sungakuonetseni. Pa makamera a pansi pa mita imodzi kapena mamita awiri atatu, njira iyi ndi yomwe ine ndimaikhulupilira kuposa zonse, chifukwa aliyense atha kubwereza kuwerengera kwake nkupeza zofanana. Koma ili ndi mavuto ake. Penti imatha, fumbi limagwera pa chakuda, ndere zimamera pa choyera, nde pamafunika munthu wosamalira. Mitambo ikakhala pamenepo tsiku lomwe setilaiti ikudutsa, basi mwadikira ulendo wina. Ndipo vuto lalikulu ndi kukula, kwa Landsat, setilaiti ya ku America yomwe pikiselo yake ndi mamita 30, bokosi lililonse la mamita 30 lija ndi pikiselo imodzi yokha, palibe chomwe mungayeze.

Nde kwa makamera a pikiselo yaikulu anthu amabwereka zomwe zinamangidwa kale, makamaka milatho yaitali ya pamadzi. Wotchuka ndi Lake Pontchartrain Causeway ku Louisiana ku America, wotalika pafupifupi makilomita 38, milatho iwiri yoyandikana iliyonse mulifupi pafupifupi mamita 10, konkire yoyera pamwamba pa madzi akuda. A USGS, bungwe la boma la America loona za nthaka ndi mapu, anaugwiritsa ntchito kutsatira mmene kamera ya Landsat 7 imasinthira zaka zikamapita. Poti mulifupi mwa mlatho mukudziwika, mumaona kuti pa chithunzi wafufuma bwanji, kufufumako ndiye chimbuuzi cha kamera. Ubwino wake ndi woti sumulipira aliyense, mlathowo ulipo tsiku lililonse ndipo uli mu zithunzi zakale zonse, mutha kubwerera m'mbuyo zaka 20. Kuipa kwake ndi koti sunamangidwire ntchito imeneyi, pamadutsa magalimoto, pali mthunzi wake pamadzi, madziwo tsiku lina ndi amatope tsiku lina akunyezimira ndi dzuwa, komanso mlatho umodzi umakuuzani za mbali imodzi yokha, pomwe kamera imatha kukhala kiliya chopingasa koma ndi chimbuuzi kutsatira komwe setilaiti ikulowera. Ena amatenga malire a minda ikuluikulu, mabwalo a ndege, madenga a mafakitale, nkuuza kompyuta kuti isake malire masauzande ambiri mu zithunzi zonse. Limodzi palokha silodalilika, koma akachuluka amakuonetsani ngati kamera ikuipiraipira.

Pali ina yomwe nditaimva koyamba ndinachita nayo chidwi zedi, ya magalasi. Mumatenga magalasi odziyang'anira otukuka ngati kumbuyo kwa sipuni, nkuwayala pa bwalo la udzu motalikirana, lililonse limabweza kadzuwa kakang'ono kumwamba, nde kwa setilaiti kamaoneka ngati kadontho kamodzi kowala kwambiri kochepa kuposa pikiselo. Mmene kadonthoko kamwazikira pa mapikiselo oyandikana ndi mmene kamera imamwazira chilichonse, mbali zonse nthawi imodzi, zomwe bolodi ndi mlatho sizingakupatseni. A South Dakota State University akhala akuchita zimenezi ku Brookings, ndipo kampani ya Labsphere inapanga makina ake otchedwa FLARE omwe amatembenuza magalasi okha. Magalasi mutha kuwanyamula pa galimoto, safuna konkire. Koma pamafunika kuwerengera mosamala, akachuluka sensa imadzadza nkusiya kuwerenga, akachepa kadontho kamasowa mu udzu, ndipo fumbi la pagalasi limasintha zonse.

Koma bwanji kuvutika ndi magalasi pomwe kumwamba kuli timadontho towala tambirimbiri kale? A CNES, bungwe la ku France loona za ma setilaiti, anachita zimenezo ndi ma setilaiti awo a Pléiades omwe anaponyedwa mu 2011 ndi 2012, amaitembenuza kuti ipenye nyenyezi. Nyenyezi ndi kadontho kangwiro, pakati palibe mpweya, palibe mitambo, palibe utsi, ndipo atha kuchita zimenezi setilaiti ili mbali ya usiku pomwe sikujambula za makasitomala. Pa kuyeza fokasi ine ndikuona kuti palibe yoposa iyi. Vuto ndi loti si setilaiti iliyonse yomwe imatha kutembenuka chonchi nkuyenda pa liwiro loyenera kuti nyenyezi ijambulike bwino, komanso ndi mwini setilaiti yekha angachite, inu ogula mungomva zomwe wakuuzani. Pléiades yomweyi ndi chitsanzo chabwino cha nkhani ndinayamba nayo ija, kamera yake imajambula pa masentimita 70 koma zithunzi zimagulitsidwa pa masentimita 50 atazikonza pa kompyuta, ndipo eni ake amanena poyera, sabisa. Nde mukaona nambala muzifunsa kuti ndi ya kamera kapena ya chithunzi chokonzedwa.

Tsopano ku funso la kuwala, lomwe kwa ife oyang'ana mbewu ndi madzi ndi lofunika mwina kuposa kukiliya. Mukafuna kunena kuti chimanga cha chaka chino ndi chobiliwira pang'ono poyerekeza ndi cha zaka zisanu zapitazo, kapena kuti nyanja ya Chilwa yaphwa bwanji, muyenera kutsimikiza kuti chasintha ndi munda kapena nyanja, osati kamera.

Ma setilaiti akuluakulu amanyamula miyala yawo yoyezera mkati momwemo. Sentinel-2 ili ndi kabolodi koyera komwe amakaika kutsogolo kwa kamera pafupifupi kamodzi pamwezi kuti dzuwa liwalepo, Landsat 8 ili ndi mabolodi otere komanso nyali zamkati. Zimenezi ndi zabwino chifukwa sensa iliyonse imaona kuwala kofanana nthawi imodzi, nde ngati ina yayamba ulesi imadziwika msanga. Koma bolodilo nalo limakalamba ndi dzuwa, nyali nazo zimafooka, ndiye mukaona nambala yatsika mudziwa bwanji kuti yatsika ndi kamera kapena ndi nyali? Landsat 5 inagwira ntchito kuyambira 1984 mpaka 2013 ndipo panafika poti nyali zake zamkati sizimadalilikanso, anachita kukonza manambala ake pogwiritsa ntchito zinthu za kunja. Komanso tima setilaiti ting'onoting'ono tomwe tachuluka masiku ano tambiri tilibe malo oikamo zimenezi.

Apa ndi pomwe mwezi umabwera, ndipo ndinene poyera kuti njira iyi ndimaikonda. Nkhope ya mwezi siisintha, kulibe mvula, kulibe mphepo, kulibe udzu womera, mmene ukubwezera kuwala kwa dzuwa lero ndi mmene udzabwezere ana athu atakalamba. Chomwe chimasintha ndi mmene wayang'anirana ndi dzuwa komanso mtunda wake, ndipo zimenezi a USGS ku Flagstaff ku Arizona anazijambula kwa zaka zingapo kuyambira m'ma 1990 nkupanga modelo yotchedwa ROLO yomwe imakuuzani kuti tsiku lakutilakuti mwezi uyenera kuwala chonchi. SeaWiFS, yoyang'ana mtundu wa madzi a m'nyanja zikuluzikulu yomwe inaponyedwa mu 1997, inkatembenukira ku mwezi kamodzi pamwezi isanasiye kugwira ntchito mu 2010, Landsat 8 nayo imatero mwezi ukakhala pafupi kukhwima. Pa kutsatira kukalamba kwa kamera palibe chofanana nawo. Koma samalani apa, ROLO ndi yabwino kunena kuti kamera yatsika bwanji poyerekeza ndi chaka chatha, koma pa nambala yeniyeni ya kuwala imatha kuphonya ndi maperesenti 5 mpaka 10, nde siingakhale yokha.

Mwezi unathandizanso pa nkhani ina. Landsat 8 itaponyedwa mu 2013 anapeza kuti kamera yake yoyeza kutentha, TIRS, imapereka manambala okwera ndi madigiri angapo, ndipo kulakwaku kumasiyana malo ndi malo. Vuto linali kuwala kolowera m'mbali kuchokera kunja kwa malo omwe kamera ikuyang'ana. Kuti adziwe komwe kukulowera anagwiritsa ntchito mwezi, chinthu chowala chimodzi pakati pa mdima, nkumaona kuti mwezi ukakhala pakona iti ndi pomwe chizukwa chake chikuoneka pa sensa. Kukonza kwake pa kompyuta kunalowa mu deta mu 2017, ndipo pa Landsat 9 anakonza kamera yeniyeniyo isananyamuke. Bolodi lopentedwa pansi silikanagwira vuto limeneli.

Kwa setilaiti yomwe singatembenukire ku mwezi, chotsatira ndi zipululu za Sahara. Bungwe la CEOS, lomwe limasonkhanitsa mabungwe a ma setilaiti a maiko osiyanasiyana, linasankha malo asanu ndi limodzi, Libya 1, Libya 4, Algeria 3, Algeria 5, Mauritania 1 ndi Mauritania 2, komwe kulibe zomera, mvula ndi yosowa, mitambo ndi yochepa ndipo mchenga ndi wofanana makilomita ambirimbiri. Libya 4 ndi yomwe mungaimve kwambiri. Simufunika kupitako, simufunika kutembenuza setilaiti, imangodutsa nkujambula monga mwa masiku onse, nde aliyense amene ali ndi intaneti atha kukoka zithunzi za zaka zambiri nkuona ngati kamera ikutsika. Chovuta ndi milu ya mchenga ija, imaoneka mosiyana dzuwa likakhala pamutu ndi likapendeka, nde manambala amakwera nkutsika ndi nyengo ndipo muyenera kuchotsa kaye zimenezo. Komanso palibe amene ali pansi kuyeza fumbi la tsiku limenelo. Ena amawonjezera madzi oundana a Dome C ku Antarctica, kapena nsonga za mitambo ikuluikulu ya mabingu yomwe imakhala yoyera mofanana kulikonse, kuti aone mbali ya kuwala kwambiri.

Nambala yeniyeni yomwe mwezi ndi chipululu sizikupatsani imachokera kwa anthu oyeza pansi nthawi yomweyo setilaiti ikudutsa. Kale zimafuna gulu kupita ndi zipangizo, kudikira tsiku lopanda mitambo, kuyenda uku ndi uku padzuwa, ndalama zambiri pa nambala imodzi. Pano kuli RadCalNet yomwe inatsegulidwa kwa aliyense mu 2018 ndi malo anayi, Railroad Valley ku Nevada komwe ndi nyanja youma, La Crau ku France, Baotou yomwe ija, ndi Gobabeb ku Namibia m'chipululu cha Namib, komwe kwa ife ndi kufupi kuposa konse. Makina ali pamenepo okha, amayeza kuwala kwa nthaka ndi zomwe zili mumpweya, nkuwerengera kuti kamera ya kumwamba iyenera kuona chani, mphindi 30 zilizonse kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Mumalembetsa, deta ndi yaulere. Kwa kampani yaing'ono kapena yunivesite yomwe ili ndi kasetilaiti kake, ichi ndi chinthu chachikulu kwambiri, chifukwa manambala ake amalumikizana ndi miyezo ya mu labu. Malire ake ndi oti malowa ndi ochepa, ndi owala onse kotero sakuuzani zambiri za mmene kamera imachitira pa zinthu zakuda ngati madzi kapena nkhalango, ndipo ena ndi aang'ono moti kamera ya pikiselo yaikulu siikwanamo bwino.

Yotsala ndi yoyerekeza kamera ndi kamera inzake yodalilika. Landsat 9 itaponyedwa mu September 2021, mu November anaidutsitsa pansi pa Landsat 8 kwa masiku angapo kuti zonse zijambule malo amodzi nthawi pafupifupi imodzi, mwayi womwe umapezeka kamodzi setilaiti isanafike mu njira yake. Ife wamba tingachite zofanana pang'ono, kutenga chithunzi chomwe tagula ndi cha Sentinel-2 kapena Landsat cha tsiku lomwelo nkuyerekeza pa malo osalala. Kungoti bandi yofiira ya kamera iyi siifanana ndendende ndi yofiira ya inayo, nde kusiyana kwina ndi kwa chibadwa, si kulakwa, ndipo ngati yodalilikayo ili ndi vuto mumalitengera.

Za timadontho ta ngati pa TV tija ndi mizere sindikhalitsapo. Mumayang'ana malo ofanana ngati madzi akuya odekha kapena mchenga nkuona kuti manambala akuvina bwanji, akatswiri amaitchula kuti SNR, nambala yonena kuti siginolo ikuposa timadonthoto kangati. Eni setilaiti ali ndi kachenjerero kena, amaitembenuza madigiri 90 kuti masensa onse adutse pa kanjira kamodzi ka pansi, ku Greenland kapena ku Sahara, nde yomwe ikusiyana ndi anzake imaonekeratu. Za malo pa mapu ndi zoyeza ndi GPS pa mphambano za misewu ndi makona a nyumba, ntchito yomwe ma saveya athu amaidziwa kale.

Nde ndingasankhe iti? Zitengera kuti ndinu ndani. Mukakhala eni setilaiti yomwe imatha kutembenuka, nyenyezi pa fokasi, mwezi pa kukalamba, RadCalNet pa nambala yeniyeni, zitatuzi pamodzi, chifukwa iliyonse imatseka bowo la inzake. Mukakhala ndi kasetilaiti kosatembenuka, Libya 4 ndi RadCalNet ndi kuyerekeza ndi Sentinel-2, kenako bolodi la Salon kapena Baotou ngati pikiselo yanu ndi yaing'ono, mlatho ngati ndi yaikulu. Kupenta bolodi lanulanu ine sindingalimbikitse pokhapokha muli ndi ndalama yolisamalira chaka ndi chaka, bola magalasi.

Koma ambiri a ife ndi ogula kapena ongokoka zaulere, ndipo kwa ife nkhaniyi imatikhudza kwambiri chifukwa minda yathu ndi ing'onoing'ono, yambiri siikwana hekitala, chimanga apa nandolo apo mtengo wa mango pakati. Munda wa mamita 50 mbali zonse ndi mapikiselo asanu okha chopingasa pa Sentinel-2, nde chimbuuzi cha kamera chikamalowetsa kuwala kwa munda wa neba mu pikiselo imodzi mbali iyi ndi imodzi mbali inayo, mwatsala ndi atatu oti ndi anu enieni. Mlimi wa ku Iowa zimenezi sizimusowetsa tulo, ife zimasintha yankho lonse. Ndiye musanalipire funsani ogulitsa kuti MTF ya kamera yawo ndi ingati, anayeza liti, pa malo ati, komanso pa chithunzi chosakonza kapena chomwe anachinola kale pa kompyuta, chifukwa kunolako kumakometsa maso koma kumakweza timadontho ndipo kumasiya kamzere kowala m'mbali mwa madenga. Onaninso ngati kamerayo inayezedwapo ndi anthu apadera, a USGS ndi anzawo mu gulu loyeza makamera a setilaiti lotchedwa JACIE amatulutsa malipoti a makamera ambiri a makampani ndipo ndi aulere. Pemphani chithunzi choyesera cha dera lanu, muyang'ane denga lalikulu la malata kapena msewu wa ndege ku Chileka kapena ku Lumbadzi, muwerenge kuti kuchoka pa choyera kufika pa chakuda patenga mapikiselo angati. Ndipo chithunzi choyeseracho chisakhale cha September kapena October pomwe utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zadzadza mlengalenga, mungaipitse kamera yabwino pachabe, pemphani cha May kapena June mvula itangotha kumwamba kuli koyera.